Msodzi ndi Nsomba ya Bass

M'nyanja ndi m'mitsinje ya ku America muli nsomba yotchedwa bass. Wofuna kuiwedza asankha ndodo yotalika mapazi 6 kapena 7, yofewa kunsonga koma yolimba kutsinde, kuti isathyoke nsomba ikamakoka.

Koma ndodo yokha siigwira nsomba. Msodzi ayenera kudziwanso nyengo. M'miyezi yotentha bass ibisala mumthunzi wa udzu ndi mitengo yogwera m'madzi. Pa chisanu itsikira m'madzi akuya. Chisanu chikatha, ibwera kumadzi osaya kudzaswana, ndipo yamphongo ilonda mazira m'chisa. Msodzi wanzeru akaikola nthawi imeneyo, aibwezera m'madzi msanga, pakuti mlonda akachoka, tinsomba tina tidya mazirawo, ndipo nsomba zichepa m'zaka zakutsogolo.