Flashi ya pa ofesi isamayendeyende

Maofesi ambiri a ku Area 47, makamaka aja ali m'nyumba zomwe kale ankagonamo anthu, alibe katswiri wa makompyuta. Inki ikatha mu pulinta, mlembi amangotenga flashi n'kukasindikiza lipoti pa kashopu ka ku Bwandilo. Pobwerako, mafoda onse asanduka ma shortcut. Akangodina limodzi pa laputopu ya akauntanti, vayirasi yalowa.

Mapulogalamu oipawa sachita zofanana. Adware imakutsegulirani zotsatsa malonda zomwe simunazifune, kompyuta n'kumalemera, bandulo n'kutha dzuwa lisanalowe. Spyware ndiye yoopsa kwambiri, paja chakudza sichiimba ng'oma. Imakhala phee n'kumalemba zonse zomwe mukutayipa, mapasiwedi a imelo ndi a kubanki, n'kumatumiza kwa mwini wake. Ransomware nayo imakhoma mafayilo onse, omwe adaitumiza n'kumafuna dipo kuti awatsegule.

Tisamati izi ndi za kunja. Mu February 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera adauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pa intaneti zalanda makina opangira mapasipoti ku nthambi ya Immigration ndipo zikufuna dipo. Kwa masabata angapo mapasipoti sankatuluka, ndipo odwala, ophunzira ndi ochita malonda adasowa pogwira. Ngati boma lidakodwa, kuli bwanji ofesi ya anthu asanu?

Kawirikawiri vayirasi timailowetsa tokha, choncho chitetezo chiyambe ndi manja athu. Flashi ya pa ofesi isapite kobenetsa nyimbo ndi mafilimu. Mukafuna kusindikiza kunja, tumizani fayiloyo ngati PDF pa imelo kapena pa WhatsApp. Flashi yachilendo iyambe yapimidwa ndi antivayirasi musanaitsegule.

Pewani Microsoft Office yokhwacha yomwe anyamata amakuikirani motchipa, chifukwa spyware imakonda kubisala momwemo. Chimodzimodzi GB WhatsApp pa foni yomwe mumasungapo Airtel Money kapena Mpamba ya bungwe. Uthenga wonena kuti mwawina bandulo yaulere, kapena imelo ya invoyisi yochokera kwa munthu wosamudziwa, musaidine. Windows ikapempha update, iloleni, ngakhale bandulo ikupweteka. Lachisanu lililonse kopelani mafayilo ofunika pa hadi disiki ina, kenako muizule n'kuitsekera m'kabati.

Mukaona zachilendo, zimitsani intaneti pa kompyutayo, sinthani mapasiwedi pogwiritsa ntchito makina ena, ndipo auzeni abwana tsiku lomwelo. Nkhani ikakula, kanenani kupolisi ndi ku Malawi CERT ya bungwe la MACRA, pakuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kufalitsa mavayirasi mwadala.

Inunso mabwana, musamakalipire wantchito amene wabwera yekha kudzanena kuti wadina polakwika. Mukamuopseza, wotsatira adzabisa, ndipo mudzadziwira kubanki ndalama za malipiro zitapita kale.