PHUNZIRO 9: MIZU YA MBANDE YA PAINI

Zoŵerenga: Yeremiya 17:5-8, Marko 4:3-6, 16-17, 2 Timoteo 1:3-5

Vesi loloweza: Akolose 2:7

Cholinga: Ana adziŵe kuti chikhulupiriro chimakula ngati muzu, mobisika ndi pang'onopang'ono, ndipo chimakula bwino pakati pa Akhristu okhwima.

Zofunika kutenga: Mbande ziŵiri za paini za m'machubu, beseni la madzi, ndi dothi lodzaza manja aŵiri lotapa pansi pa paini wamkulu.

KWA INU APHUNZITSI

Musanapite m'kalasi, dziŵani pang'ono za mtengo umenewu. Paini si wa kuno. Mtundu umene wabzalidwa kwambiri m'Malaŵi, wotchedwa Pinus patula, kwawo ndi kumapiri a ku Mexico. Umakonda malo okwera ndi ozizira, monga ku Zomba, ku Dedza ndi ku Chikangawa. Kuno ku Neno ungachite bwino kumtunda, monga kwa Dambe, koma osati kuchigwa chotentha cha Lisungwi.

Pamene paini anafika m'maiko a Africa, m'malo ambiri mbande zinkamera ndithu, koma kenaka zinkachita chikasu, kupinimbira ndi kufa. Madzi analipo, manyowa analipo. Chinkasoŵa chiyani? Anthu a zankhalango anapeza kuti mizu ya paini imagwirizana ndi mtundu wina wa bowa wokhala m'dothi. Tiulusi toyera ta bowayo timakuta nsonga za mizu ndi kufalikira kutali, kumene muzu wokha sungafike. Timatapa madzi ndi michere ya m'nthaka ndi kupatsa mtengo, ndipo mtengo umabwezera bowayo shuga wopangidwa m'masamba ake. Nchifukwa chake osamala nazale amasakaniza dothi la pansi pa paini wakale ndi dothi la m'machubu. Mbande imalandira moyo kuchokera pamene makolo ake anakulira.

Zimenezi si za paini yekha. Msuku ndi mombo nazo zili ndi ubale wotere. Ana ambiri adziŵa kale kuti bowa wina wa dzinja timakazula pansi pa mitengo imeneyi, ndipo ikatha kudulidwa chifukwa cha makala, bowayo nayenso amasoŵa.

KAPHUNZITSIDWE

1. Onetsani ana mbande ziŵirizo. Afunseni kuti, "Kodi mbali yofunika kwambiri ya mtengo ndi iti?" Ambiri adzatchula masamba kapena tsinde. Musawatsutse msanga. Ng'ambani chubu chimodzi, tsukani dothi m'beseni, ndipo mwana aliyense aone mizu. Muŵerenge Marko 4:5-6. Mbeu ya pathanthwe inamera msanga kuposa zina, koma dzuŵa litakula inafota. Yesu anati ameneŵa ndi anthu olandira mau mokondwa, koma zovuta zikafika amagwa.

2. Perekani dothi lija lizungulire m'manja mwa ana. Afufuze tiulusi toyera, alinunkhizenso. Fotokozani za bowa mwachidule, kenaka muŵerenge 2 Timoteo 1:5. Paulo akukumbutsa Timoteo kuti chikhulupiriro chake chinayamba kukhala mwa agogo ake a Loisi ndi mwa mai ake a Yunike. Timoteo anali mbande yoikidwa m'dothi la mitengo yakale. Funsani mwana aliyense atchule munthu wamkulu amene anamphunzitsa kupemphera.

3. Muŵerenge Yeremiya 17:5-8. Mneneri akufanizira anthu aŵiri: wina ndi chitsamba cha m'chipululu, wina ndi mtengo umene mizu yake yafika kumtsinje. Onse aŵiri chilala chimawapeza. Kusiyana kwawo kuli pansi, kumene maso saona. Auzeni ana momveka kuti dothi lakale limathandiza, koma madzi amoyo ndi Khristu mwini.

CHENJEZO KWA INU

Wobzala mwachangu amakumba dzenje losaya ndi kupinda muzu waukulu kuti uloŵemo. Wina amaiŵala kuchotsa chubu, mizu nkumazungulira m'katimo. Mtengo wotero ungaoneke wabwino zaka zingapo, koma tsiku la mphepo yamkuntho umazuka. Mphunzitsi amene amaloweza ana mavesi mowaopseza ndi chikwapu, osawafotokozera tanthauzo, akupinda muzu. Mwana adzayankha bwino pa mayeso, koma akadzapita ku Blantyre kapena ku Joni kukafuna ntchito, kopanda womuyang'anira, sadzaima. Kumeneko nkumene ntchito yanu ya lero idzayesedwe.

Musataye mtima ndi mwana wooneka wochedwa. Mbande ikangobzalidwa imakhala ngati yaima, pamene mizu ikugwira nthaka. Ndipo musayese kuti ola limodzi la Lamulungu lidzakwanira. M'kalasi mwanu muli ana amasiye ndi ena amene kwawo Baibulo silitsegulidwa. Kambani ndi akulu a mpingo ndi amai a Mvano, kuti mwana wotere akhale ndi Mkhristu wamkulu womuyendera ndi kupemphera naye.

MAFUNSO

1. Nchifukwa ninji mbeu ya pathanthwe inafota?
2. Kodi dothi la pansi pa paini wakale limaithandiza bwanji mbande?
3. Ndani anaphunzitsa Timoteo za Mulungu ali mwana?
4. Kodi iwe ungachite chiyani sabata ino kuti mizu yako izame?

NTCHITO

Ngati mvula yakhazikika, bzalani mbande yotsalayo pabwalo la tchalitchi. Dzenje likhale lakuya, chubu chichotsedwe, muzu uime chilili, ndipo muthiremo dothi lija ndi kutsendera bwino. Sankhani ana aŵiri oipalira ndi kuiteteza ku mbuzi.

PEMPHERO

Atate wathu wa Kumwamba, tikuthokozani chifukwa cha makolo ndi agogo amene anatitsogolera kwa Inu. Zamitsani mizu ya ana aŵa mwa Yesu Khristu, kuti tsiku la chilala ndi la mphepo adzaime nji. Amen.