Soya ndi Amayi Oleka Kusamba

Mayi akafika zaka za pakati pa 45 ndi 55 amaleka kusamba. Imeneyi si nthenda ayi, ndipo palibe amene wamulodza. Chimene chimachitika n'chakuti m'magazi mwake mumachepa timadzi tina timene madokotala amatitcha estrogen. Tikachepa, amayi ambiri amamva kutentha kodzidzimutsa kumaso ndi pachifuwa, amatuluka thukuta usiku, tulo osabwera. Ku Dwangwa, kumene October ndi November amatentha kale, vutoli limakula, makamaka kwa mayi wogwira ntchito padzuwa m'munda wa nzimbe kapena wa mpunga.

Mbewu zina zili ndi zinthu zofananako ndi estrogen. Izi zinadziwika mwa njira yodabwitsa. M'chaka cha 1946 akatswiri a ziweto ku Australia analemba za nkhosa zimene zinali kulephera kubereka chifukwa chodya kwambiri msipu wotchedwa clover. Pofufuza, anapeza kuti mumsipumo muli zinthu zimenezi. Mwa zakudya za anthu, soya ndiye ali nazo zambiri. Nyemba zinazi zili nazo pang'ono chabe.

Kodi soya amathandizadi? Pano mpofunika kunena zoona. Amayi a ku Japan, amene amadya soya chiyambire ubwana, sadandaula kawirikawiri za kutenthaku monga amachitira a ku Ulaya. Koma madokotala atayesa, anapeza kuti ena amapepukidwa pang'ono patapita masabata angapo, ena samva kusintha konse. Mphamvu yake njochepa kwambiri poyerekeza ndi mankhwala a kuchipatala. Choncho munthu woyenda ndi mabotolo pamsika, nanena kuti mankhwala ake abwezera mayi utsikana, akungofuna ndalama.

Komabe soya n'chakudya chabwino, makamaka kunyanja kumene nsima ya kondowole ilibe zomanga thupi zokwanira. Azikazingidwa bwino asanagayidwe, pakuti wosapsa amavuta m'mimba, ndipo ufa wake usakanizidwe ndi mgaiwa pophika phala. Usipa ndi matemba, zodyedwa ndi minga yomwe, zimalimbitsa mafupa amene amayamba kufooka pa msinkhu umenewu.

Chenjezo lalikulu ndi ili. Kunyanja malungo ngambiri, choncho mayi wotentha thupi ndi kunjenjemera ayezetse magazi, asangoti n'kukula. Thukuta la usiku pamodzi ndi kutsokomola ndi kuonda likhoza kukhala chifuwa chachikulu. Ndipo mayi akaonanso magazi patapita chaka chathunthu chilekere kusamba, asadikire: apite msanga kuchipatala chapafupi kapena cha boma ku Nkhotakota, pakuti khansa ya khomo la chiberekero imachizika ikapezeka msanga. Aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga awafotokozere zimenezi amayi akumudzi.