Ambuye James Chiona, Mbusa wa Blantyre

Katekisimu aphunzitsa kuti nchito ya Episkopi iri patatu: kuphunzitsa, kuyeretsa ndi kuweta nkhosa za Mulungu. Mau amenewa sabvuta kuwaloweza, koma tanthauzo lace limveka bwino pa moyo wa Ambuye James Chiona, amene anali mbusa wa akristu a ku Mdeka, Lirangwe ndi Chileka zaka zoposa 30.

Iwo anabadwa m'caka ca 1924, nalandira unsembe mu 1954. Mu 1965 anadzozedwa kukhala Episkopi wothandiza Ambuye Theunissen, a cipani ca Montfort. Mu 1967 Papa Paulo VI anawaika pa mpando wa Blantyre, ndipo anakhala Mmalawi woyamba kuchedwa Arkiepiskopi. M'masiku ao, mu May 1989, Papa Yohane Paulo II anatsikira pa bwalo la ndege la Chileka.

Koma ciyeso ca mbusa cinafika pa 8 March 1992, Lamulungu loyamba la Lenti. Tsiku limenelo m'machalichi onse a Katolika munawerengedwa kalata ya Maepiskopi. Inanena poyera za malipiro ocepa a anchito, za ana odzazana m'sukulu, za zipatala zosowa mankhwala, ndi za anthu otsekeredwa m'ndende popanda kuweruza mlandu wao. Zimenezi aliyense anali kuzidziwa kale. Cacilendo cinali kuzimva pa guwa, pa nthawi imene ngakhale kunong'ona kunali koopsa. Anthu ambiri amene anaimva anabwerera kwao ali ndi cimwemwe ndi mantha pamodzi.

Boma la Dr Banda linakwiya koopsa. Apolisi anaitana Maepiskopi nawafunsa mafunso maola ambiri ku Blantyre. Kalatayo inaletsedwa, kotero kuti kupezeka nayo kunali mlandu. Nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka inatenthedwa, akuluakulu ena a cipani colamula ananena zakupha Maepiskopi, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anapitikitsidwa m'dziko muno. Ambuye Chiona sanathawe, ndiponso sanafafanize dzina lao pa kalatayo. Kumeneko kunali kuphunzitsa, monga momwe Katekisimu anenera, osati ndale monga adani ao anali kunamizira.

Pa 14 June 1993 Amalawi anasankha ulamuliro wa zipani zambiri. Ambuye Chiona anatula udindo mu 2001, nalowa m'malo mwao Ambuye Tarcisius Ziyaye. Anamwalira pa 18 August 2008.