Mwana samwa theka la mankhwala a munthu wamkulu

Anzanga a m'makalabu a achinyamata, ambiri mwa ife timalera abale athu ang'onoang'ono kunyumba. Mwana akatentha thupi usiku, ena amangothyola pakati mlingo wa akulu n'kumupatsa. Chizolowezi chimenechi n'choopsa. Mlingo wa mankhwala a mwana umatsata kulemera kwake pa sikelo, osati kuyerekeza ndi maso.

Titenge chitsanzo cha Panado. M'bulu umodzi wa akulu uli ndi mamiligalamu 500, ndipo wamkulu amamwa iwiri, kutanthauza 1,000. Mwana amafunika mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, osapitirira kanayi pa tsiku. Mwana wolemera makilogalamu 10 afunika 100 mpaka 150. M'bulu umodzi mukaugawa panayi, chidutswa chimodzi ndi 125, ndipo ndi chokwanira. Mukampatsa theka la mlingo wa akulu, ndiye kuti wamwa 500, kuposa katatu mlingo wake. Panado wochuluka amawononga chiwindi.

Pali njira yakale yotchedwa lamulo la Clark: kulemera kwa mwana kugawa ndi 70, kenako kuchulukitsa ndi mlingo wa akulu. Pa Panado imapereka pafupifupi 143, zomwe zikugwirizana ndi masamu athu. Koma pa ma ARV njirayi imasocheretsa. Wamkulu amamwa mamiligalamu 50 a dolutegravir pa tsiku. Mwa lamulo la Clark, mwana wa makilogalamu 10 angalandire 7 okha, pamene malangizo a bungwe la WHO akuti alandire 20 a mibulu ya ana yosungunula m'madzi. Mankhwala akachepa, kachilombo ka HIV kamachulukana ndi kuyamba kupima mankhwalawo.

N'chifukwa chake kuchipatala amayamba akweza mwana pa sikelo, kenako n'kuona pa tchati cha milingo. Mwana akamakula, mlingo umakweranso. Musamagawire mwana ma ARV kapena Bactrim wa mayi ake. Pitani naye pa tsiku lomwe anakuuzani, mutatenga buku lake la kuchipatala, ndipo funsani adokotala ngati mlingo wasintha.

Kambiranani pa kalabu yanu:

1. Mwana wolemera makilogalamu 20 afunika mamiligalamu angati a Panado?
2. Mungawafotokozere bwanji agogo amene akufuna kugawira mdzukulu mankhwala awo?