Phunziro la Zaumoyo: Olle Lindvall ndi Ubongo wa Munthu Wodwala Sitiroko

Sitiroko imachitika mtsempha wa magazi wa mu ubongo ukatsekeka kapena kuphulika. Maselo a ubongo amene akusowa magazi amayamba kufa m'mphindi zochepa, ndipo wodwala amafa ziwalo mbali imodzi kapena kulephera kulankhula. Kwa zaka zambiri madokotala ankaphunzitsa kuti ubongo wa munthu wamkulu subala maselo atsopano. Mmodzi mwa akatswiri amene anathandiza kusintha maganizo amenewa ndi Pulofesa Olle Lindvall, dokotala wa matenda a ubongo pa yunivesite ya Lund ku Sweden.

Zimene anapeza

M'chaka cha 2002, Lindvall pamodzi ndi Andreas Arvidsson, Zaal Kokaia ndi anzawo anasindikiza kafukufuku wawo m'magazini ya Nature Medicine. Iwo anatseka kwa kanthawi mtsempha waukulu wa mu ubongo wa makoswe kuti adwale sitiroko, kenako anaika chizindikiro pa maselo onse obadwa kumene.

M'kati mwa ubongo muli maselo ena otchedwa stem cells. Awa ndi maselo oyambira, amene amagawikana n'kusanduka maselo a mitundu ina. Ofufuzawa anaona kuti sitiroko ikachitika maselowa amachulukana, ana awo n'kuyenda kupita pamalo powonongeka, ndipo ena amafanana ndi maselo amene anafa. Ubongo unkayesera kudzikonza wokha.

Koma gululi silinabise mbali yokhumudwitsa. Maselo atsopano oposa 80 pa 100 alionse anafa m'masabata oyambirira. Patatha masabata 6, pa maselo 1,000 alionse amene sitiroko inapha, pafupifupi 2 okha ndi amene analowedwa m'malo.

Kufunika kwa ntchitoyi

Mphamvu ya kafukufuku imaoneka ofufuza ena akamaimira pa iye, ndipo uyu watchulidwa m'zolemba za sayansi zikwizikwi. Anasintha funso. M'malo mofunsa ngati ubongo ungabale maselo, ambiri anayamba kufunsa mmene angathandizire maselo atsopanowo kuti asafe.

Lindvall anatsogoleranso gulu limene mu 2008 linalemba malangizo a bungwe la International Society for Stem Cell Research okhudza kuyesa maselowa pa odwala. Malangizowo anadzudzula zipatala zolipiritsa ndalama zambiri pa chithandizo chopanda umboni.

Mpingo ukuti chiyani?

Si zonse zimene anachita zimene Mpingo ungavomereze. Kuyambira mu 1987 iye anaika mu ubongo wa odwala Parkinson maselo ochokera kwa ana amene mimba zawo zinachotsedwa. Chikalata cha Dignitas Personae cha mu 2008 chimaloleza maselo otengedwa kwa munthu wamkulu, m'magazi a mchombo wa khanda, kapena kwa mwana wopita padera mwachilengedwe, koma chimakana kuwononga moyo wa mwana wosabadwa pofuna kuchiza wina. Kafukufuku wa 2002 uja anakhudza maselo amene ali kale mu ubongo wa wodwalayo, ndipo njira imeneyi siphetsa aliyense.

Ifeyo tichitenji?

Mpaka lero palibe chithandizo cha stem cells chimene chatsimikizika kuti chimachiza sitiroko. Choncho wina akakugulitsani ufa kapena makapisozi n'kunena kuti ndi stem cells zodzutsa ziwalo zakufa, musagulitse mbuzi kapena chimanga chanu.

Zothandiza n'zodziwika kale. Kayezetseni BP, chifukwa kuthamanga kwa magazi ndiko kumayambitsa sitiroko kwambiri, ndipo mukapatsidwa mankhwala musasiye kumwa ngakhale mukumva bwino. Chepetsani mchere, mowa ndi fodya. Mukaona pakamwa pa munthu papotoka, mkono wafooka, kapena lilime lalemera mwadzidzidzi, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Akatuluka, apitirize mafizo, chifukwa mbali zotsala za ubongo zimaphunzira ntchito zatsopano munthu akamabwereza kuyenda, kugwira ndi kulankhula.

Mafunso okambirana mu mphakati

1. N'chifukwa chiyani kunali kofunika kuti ofufuzawa anene poyera kuti maselo ambiri anafa?
2. Ndani mu mphakati wathu amene akusamalira wodwala sitiroko, ndipo tingamupeputse bwanji sabata ino?
3. Ndi angati mwa ife amene ayezetsa BP chaka chino?