Za Chotupa cha m'Thumba la Mazira, ndi Njira za Kuchichotsa

Amayi ndi alongo athu, phunziro la mwezi uno ndi la nthenda imene ambiri aibisa chifukwa cha manyazi. Mkazi ali ndi matumba awiri a mazira, lina kumanja kwa chiberekero, lina kumanzere. Nthawi zina pathumbapo pamera chotupa chodzala madzi. Zambiri zotere ziphwa zokha patapita miyezi iwiri kapena itatu, ndipo dotolo, ataunika m'mimba ndi makina, angonena kuti, Dikirani. Koma zina zikula. Palinso mtundu wina umene m'kati mwake apezamo tsitsi, mafuta, ngakhale mano. Musati wina wamlodza. Thupi lomwelo lipanga zimenezi.

M'chaka cha 1809, m'dziko la America, mkazi wina dzina lake Jane Todd Crawford anayesa kuti ali ndi pakati, koma masiku ake anapitirira osabala. Dotolo Ephraim McDowell anam'ng'amba pamimba ku Danville popanda mankhwala ogonetsa, natulutsa chotupa cholemera makilogalamu 10. Mkaziyo anachira, nakhalanso ndi moyo zaka zoposa 30. Njira yong'amba pamimbayi ikalipobe. Bala lake ndi lalitali, ndipo mayi sayenera kusenza mtsuko kapena kusinja kufikira masabata 4 kapena 6 atatha. Nanga wogulitsa masamba mumsika wa Ndirande, ana ake adya chiyani masiku onsewo?

Tsono taonani njira ina, yotchedwa laparoscopy. Dotolo aboola timabowo titatu kapena tinayi, ta pafupifupi sentimita imodzi, kamodzi pamchombo. Apopera mpweya m'mimba kuti ziwalo zitalikirane, nalowetsa kamera yaing'ono yokhala ndi nyali, nagwira ntchito ndi tizitsulo tatitali, maso ali pagalasi. Asenda chotupa chokha, nasiya thumba la mazira kuti mayi akathe kubalabe. Magazi ataika pang'ono, ululu uchepa, ndipo ambiri abwerera ku ntchito zawo patatha sabata imodzi kapena ziwiri. Ena achita zonsezi ndi bowo limodzi la pamchombo. Chipsera chibisika bwino, koma zitsulo zipanikizana, ndipo kuchira sikusiyana kwenikweni. Ine sindiona chifukwa chovutikira njirayo.

Komatu njira ya timabowo siyenera aliyense. Zipangizo zake n'zamtengo wapatali, zifuna magetsi ndi manja ozolowera. Ndiponso chotupa chikakhala chachikulu zedi, kapena dotolo akachiganizira kuti n'cha khansa, afuna kuchitulutsa chathunthu, pakuti chikaphulikira m'mimba nthenda ingafalikire. Pamenepo kung'amba ndiko kwabwino. Pakati pa ziwirizi pali kucheka pang'ono m'munsi mwa mchombo, bala la masentimita 4 kufikira 6, kumene kuthandiza pamene kamera palibe.

Chimene ndikupemphani n'chakuti musazengereze. Chotupa chingapotoze thumba la mazira, magazi naleka kufikako. Mayi amva kupweteka koopsa kodzidzimutsa mbali imodzi, nasanza. Mukatero musayambe kaye mwafuna mankhwala azitsamba, pakuti thumbalo lingafe pa maola owerengeka. Fulumirani kuchipatala chanu cha ku Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa, Ndirande, kapena cha South Lunzu ku Machinjiri, ngakhale ndi usiku; iwo akuona kuopsa kwake adzakutumizani ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Inunso abambo, muwaperekeze akazi anu, ndipo mufunse dotolo ngati thumba la mazira lidzatsala, ndi tsiku loti mayi ayambenso ntchito zolemetsa.